Amayi, Mwalemera

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake agogo anu aNambewe ndi ine sitinkakhala mthunzi umodzi, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani kuti udali mwambo wa chipongozi basi. Mwambowo udalipodi, koma sudali wokha. Tsono poti dzanja likadali ndi mphamvu yogwira cholembera, ndati ndiilembe nkhaniyi bwinobwino, kuyambira kuntchito yanga, pakuti osadziwa mmene ndege imaulukira simungamvetse zimene ndidachita. Za ubwana wanga ku Ntcheu kuno zisiyeni. Ndidaweta ng'ombe ngati anzanga, ndidaphunzira sukulu ya mishoni mpaka Chingerezi chidayamba kumveka m'khutu, ndipo palibe china chodabwitsa.

Nkhondo yachiwiri ili mkati: ku Chileka

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pabwalo la ndege ku Chileka. Adandilemba kuti ndizitchetcha udzu, koma ataona kuti ndimamva Chingerezi adandilanda chikwakwa n'kundipereka kwa makaniko wamkulu, mzungu wofiira khosi amene tinkamutcha Sipanala chifukwa chitsulocho sichinkachoka m'thumba lake lakumbuyo. Munthuyo adali waukali. Ukasiya nati pansi, ankakutukwana kuyambira iwe mpaka makolo ako onse. Koma ndisaname, adali mphunzitsi, ndipo ankadana ndi munthu wogwira ntchito osadziwa chifukwa chake. Ine ndinkasefa petulo pa chikopa chofewa kuti madzi asalowe mu injini, ndinkasoka zigamba pa mapiko, pakuti ndege zambiri za nthawi imeneyo zidali za nsalu yokutira pa matabwa ndi zitsulo zopyapyala, ndipo pambuyo pake ndidaphunzira kupukusa pulopela, chija chimazungulira kumphuno, kuti injini ilire. Ntchito imeneyo inkadula anthu mikono. Yanga ilipo yonse iwiri.

Tsiku lina tikuchokera kokatenga migolo ya petulo, Sipanala akuyendetsa lole, ndidalimba mtima n'kumufunsa funso limene linkandisowetsa mtendere: chinthu cholemera kuposa ngolo chimakhala bwanji m'mwamba osagwa? Adangoti, "Tulutsa dzanja pawindo. Tambasula chikhato, chigone." Ndidatero. "Tsopano dzutsa zala pang'ono." Nditangopendeketsa chikhato, dzanja langa lidakwera lokha ngati wina walikoka.

"Chalikweza n'chiyani?" adandifunsa.

"Mphepo, bwana."

"Mphepo iti? Tayang'ana mitengoyo, masamba ali zii."

Ndidayang'ana, ndipo zidali zoona. Apo m'pamene adandiuza kuti mphepoyo tikuipanga ndife ndi liwiro lathu, ndipo kuti phiko la ndege ndi chikhato chomwecho: ndege imathamanga pansi kufikira mpweya wodutsa pa phiko utakwanira kuinyamula. Kenaka adati ndidzutse zala kwambiri. Dzanja lidakankhidwira kumbuyo n'kugwa, chigongono n'kudzimenya pachitseko. Iye adaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ukadzaona woyendetsa wadzutsa mphuno ya ndege mopitirira, liwiro lisadakwane, uzithawa," adatero. "Mpweya umalitaya phikolo."

Tikaweruka ndinkafotokozera anzanga m'Chichewa, ndipo mawu ake ndinkachita kupeka ndekha, poti padalibe wina amene adawapekapo. Ndinkati ndege ndi mlandu wa anthu anayi osagwirizana. Kulemera kumati tiye pansi, kunyamula kwa phiko kumati tiye kumwamba, kukoka kwa pulopela kumati tiye kutsogolo, ndipo kukaniza kwa mpweya kumagwira malaya kumbuyo monga amachitira madzi ukamawoloka mtsinje. Woyendetsa ndi nkhoswe chabe. Padalinso chachisanu chimene Sipanala ankachiopa kuposa moto, ndicho malo oika katundu. Mayi akasenza mtolo wautali wa nkhuni, pali malo amodzi okha pamene mtolowo umakhazikika pankhata. Ukasunthira kumbuyo pang'ono, nkhuni zimamugwetsa chagada. Ndege nayo ili ndi nkhata yake, pafupi ndi phiko. Ngakhale katundu wochepa akaikidwa kumchira, mphuno imadzuka yokha, ndipo zotsatira zake ndi za chigongono changa chija.

Chifukwa cha ichi Sipanala ankayeza chilichonse cholowa m'ndege pa sikelo, ndipo ine ndinkafuula zimene sikelo yanena. Bokosi likapitirira ndinkangoti, "Ili lalemera," n'kulikankhira pambali. Mwini bokosi kaya ndi msilikali wa nyenyezi zingati paphewa, Sipanala sankasintha. Mawu amenewo ndidawanena kambirimbiri mpaka adakhala ngati moni pakamwa panga. Nkhondo itatha Sipanala adabwerera kwawo. Potsanzikana adandipatsa sipanala yake ija, n'kunditukwana komaliza chifukwa ndidaigwira molakwika.

Nkhondo itatha: ku Bwanje

Adanditumiza kwathu kuno, ku chigwa cha Bwanje, kukasamala kabwalo ka ndege yofufuza dzombe. Kunena kuti bwalo ndi kukalemekeza. Udali mzere wa udzu wotchetcha, miyala yopaka laimu m'mbali, ndi kanyumba ka malata kosungira migolo. Ndidali kapitawo wa otchetcha, wosefa petulo, womasulira, komanso mlonda. Chilichonse chinkasowa. Petulo ankabwera pa sitima akafuna yekha, ndipo ndege inkatha kukhala pansi mwezi wathunthu dzombe likuseka. Laimu akatha tinkapaka phulusa. Thumba losonyeza mphepo, lija limapachikidwa pamlongoti, litang'ambika ndidasoka lina ndi matumba a ufa, ndipo nalonso litatha ndi dzuwa tinkangosonkha moto wa masamba aawisi ndege ikamveka, kuti woyendetsa aone kumene utsi ukupita.

Otchetcha anga sankamvetsa chifukwa chake ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. "Akapitawo, mzungu wanuyu mutu sukuyenda," adatero mkulu wina. "Munthu wanzeru mphepo amaiika kumsana kuti izimukankha." Ndidawauza kuti ayang'ane akakowa akamanyamuka pakati pa ng'ombe. Mphepo yochokera kutsogolo ndi liwiro laulere, phiko limakhuta mpweya ndege isadathamange mtunda wautali. Mkuluyo adapukusa mutu n'kuti kakowa sanyamula petulo.

Koma phunziro lenileni la ku Bwanje lidali kutentha. Inu mudafikako m'chilimwe, mukudziwa mmene nthaka imawotchera mapazi. Mpweya ukatentha umasanduka phala lamadzi, wosakhuthala. Phiko limaugwira osakhuta, nayo injini imapuma mobanika. Ndege yomweyo imene m'mawa inkadzuka isadafike pakati pa bwalo, masana inkalimaliza lonse ikukwekweretsa mawilo. Ndidaona ndi maso anga woyendetsa wina waphuma akuimitsa ndege mphuno ili m'tchire la kumapeto, atayesa kunyamuka dzuwa lili paliwombo ndi mabokosi a mnzake. Adatsika, adatula mabokosiwo, n'kukakhala pamthunzi mpaka kudazizira. Kuyambira pamenepo, ndikamva munthu akuti "kakatundu kakang'ono aka sikangalepheretse," ndinkakakankhira pambali.

Njala ya 1949 itadutsa: ku Tsangano

Njala itadutsa adandisamutsira kumtunda, pafupi ndi Tsangano, kumene kudabwera ndege yojambula dziko kuti alembe mapu a m'malire. Ndinkayesa kuti poti kumeneko n'kozizira ndathawa mavuto a mpweya. Ha! Kumapiri mpweya ndi wochepa chibadwire, n'chifukwa chake mlendo amapuma wefuwefu pokwera chitunda. Bwalo lake lidali lalifupi, lofewa mvula ikagwa, ndipo kumapeto kwake kudali mzere wa mitengo ya bulugamu imene ndidapempha kangapo kuti idulidwe, yankho n'kumangoti lidzabwera. Woyendetsa wake tinkamutcha Mapazi, chifukwa asadanyamuke ankayenda bwalo lonse wapansi, akupondaponda nthaka ndi chidendene ngati wofuna kugula munda. Adali wosayankhulayankhula, ndipo sindidamumvepo akunama, ngakhale bodza lotonthoza.

Amayi anu, Nangozo, ndidawaona koyamba pasitolo ya aSaidi, Msilamu amene ankagula mbatata kwa alimi n'kumakagulitsa ku boma pa lole yake. Adali akukangana ndi aSaidi kuti sikelo yawo ikugona tulo, ndipo ine, monga katswiri wa masikelo, ndidalowererapo osaitanidwa. Onse awiri adandiuza kuti sizikundikhudza. Chaka chisadathe ndidali nditalowa chikamwini pamudzi pawo, kutsidya kwa dambo kuchokera pabwalo.

Apongozi anga aNambewe adali amasiye, mayi wamfupi, wowonda kwambiri. Kale adali ndi khola la ng'ombe ndi mbuzi, koma m'chaka cha njala abale awo akuchigwa adakwera kudzawagwera, ndipo iwo adasinthitsa ziweto zonse ndi chimanga kuti anthuwo asafe. Adatsala ndi nsalu ziwiri ndi mwana mmodzi, ndiye amayi anuwo. Zimenezi muzikumbukire.

Inu simudauone mwambo wa chipongozi uli wamoyo. Ine ndikawaona aNambewe akubwera m'njira, ndinkapatukira m'munda wa mbatata n'kunjuta mpaka adutse. Maso awo sindinkawayang'ana, ndipo ndikafuna kuwauza kanthu mawu ankadzera mwa amayi anu. Iwonso ankanditchula ndi mfunda wanga, aNkhoma, koma ponena kwa ena, osati kwa ine. Kuwakhudza ndiye musanene n'komwe. Sikudali kudana ayi. Iwo ankandisungira mbatata zabwino, ine ndinkawafolerera nyumba atapita kumunda. Udali ulemu, ndipo ndinkausunga mokondwa.

Dzinja lotsatira

Nangozo adali woyembekezera mwana wathu woyamba. Matenda adayamba mvula ili pachimake, ndipo adalowa m'nyumba ndi azamba, ine ndili kunja monga amachitira amuna. Tsiku lidatha, lina lidayamba, kulira kwa khanda osamveka. Amayi awiri adabwera kudzandifunsa ngati ndidayenda ndi mkazi wina, poti anthu ankakhulupirira kuti n'zimene zimamanga mwana. Ndidalibe choulula. Kenaka mzamba wamkulu adanditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza motsitsa mawu kuti mwana wapingasa, ndipo manja awo alephera.

Msewu wopita ku boma udali utaduka. Mlatho udapita ndi madzi, ndipo lole ya aSaidi idali itatitimira m'matope mpaka m'mimba. Ndidathamangira kwa Mapazi. Kunyamula munthu wakuda m'ndege ya ntchito sikudali kololedwa, ndipo iye ankadziwa. Ndidamuuza kuti mkazi wanga akufunika dokotala wong'amba, amene ankapezeka kuchipatala chachikulu chakumwera. Adandiyang'ana, adayang'ana kumwamba, n'kuti, "Bwera naye."

Tidamunyamula Nangozo pa machila kuwoloka dambo. Dzuwa lidali litangopendeka, likuswa mtengo monga limachitira mvula ikangokata, nthunzi ikufuka pa udzu. Ndidasonkha moto wanga wa masamba, ndipo utsi udakwera chilili, kusonyeza kuti mphepo kulibe ngakhale pang'ono. Mapazi adali atachotsa kale mpando wa mnzake wojambula, makina ojambulira ndi bokosi la zitsulo, ndipo adandiuza kuti ndikhetsere petulo wina m'mgolo, angotsala wokafikira. Tidamugoneka Nangozo pansi, mutu pafupi ndi mpando wa woyendetsa, pankhata paja. Nditacheuka ndidaona aNambewe ataima pansi pa phiko, atasenza dengu la ufa, miphika, mphasa ndi kamtolo ka nkhuni, ali okonzeka kukwera. Adachita zimene mayi aliyense akadachita. Kwathu wodwala sapita yekha kuchipatala. Amafunika wom'phikira, wom'sambitsa, ndipo zikavuta, wom'tseka maso.

Mapazi adayenda bwalo lake, akuponda ndi chidendene, matope akumata nsapato. Atabwerako adandikokera pambali.

"Udzu ndi wonyowa, mphepo palibe, kwatentha," adatero. "Ndi mkazi wako yekha, mitengo ija ndiidumpha. Ndi mayi wakeyo, mwina ndiidumpha, mwina ayi. Tikadikira mawa m'mamawa kukazizira, nditenga onse awiri. Mkazi ndi wako. Sankha."

Mkazi ndi wako! Mzunguyo sankadziwa kuti pachikamwini mawu otere ndi a malume ake a mkazi, ndipo malumewo adali kumigodi ku Joni. Ine pamudzipo ndidali mlendo wodzabereka chabe. Ndidapita kwa mzamba n'kufunsa ngati Nangozo angafike mawa. "Mwananga, ine si Mulungu," adatero, koma maso adayang'ana pansi. Ndidasuzumira m'ndege. Amayi anu adali atasiya kubuula, ndipo kusiya kumeneko n'kumene kudandiopsa.

Tsono mawu anga akadadzera mwa yani? Mkhalapakati wanga ndiye adali gone m'ndegemo. Ndidakumbuka kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ndidagwada m'matope patsogolo pa apongozi anga, mudzi wonse ukuona, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidawayankhula ndekha. M'mutu mwanga mudali zonse za Sipanala, za phala lamadzi, za udzu wonyowa, koma pakamwa padatuluka mawu akuntchito aja, amene ndidazolowera kuwanena kwa mabokosi.

"Amayi, mwalemera."

Mukudziwa inu kuti mawu amenewo ali ndi nkhope ziwiri. Ine ndinkanena za sikelo. Anthu adamva za chuma. Kuuza mayi amene adatsala ndi nsalu ziwiri kuti walemera! Wina kumbuyo adaseka, osati mwachipongwe, koma kuseka kwa munthu wodzidzimuka, ndipo kuseka kumeneko aNambewe adakumva. Adatula dengu pang'onopang'ono. Sadayang'ane ine. Adayankhula kwa mzamba, monga unkafunira mwambo.

"Tawafunsani aNkhomawa, chuma changa achiona kuti? Kodi khola langa saliona kuti mudamera bonongwe?"

"Sindikunena za chuma, amayi," ndidatero. "Ndikunena thupi. Ndege singathe."

"Thupi liti? Mafupa awa? Itanani aSaidi abwere ndi sikelo yawo ya mbatata andipachikepo, dziko lione! Ufa ndisiya. Miphika ndisiya, nkhuni ndisiya. Ndikadzipinda kumchira uko ngati mphasa, mzungu wawoyo sadziwa n'komwe kuti ndilimo."

Kumchira! Akadatchula pena paliponse mwina ndikadagwedezeka. Ndidawauza kuti kumchira ndiko kungaphe onse, ndipo ndidayamba kufotokoza za mtolo wa nkhuni, koma ndani amamva za nkhuni mwana wake akufa? Adagwira chitsulo chochirikiza phiko ndi manja onse awiri, ndipo nthawi iyi adandiyang'ana m'maso.

"Ndili ndi mmodzi yekha. Akakafera m'manja mwa alendo, inu mudzandiyankha chiyani?"

Mapazi adali atakhala kale pampando, akuyang'ana mitambo imene inkasonkhananso kumapiri. Ndidadikira kuti mwina amayi anzawo awachotsa, koma palibe adasuntha, pakuti m'mitima mwawo onse adali mbali ya aNambewe. Ndidaimirira, ndidagwira manja a apongozi anga, n'kumasula zala zawo pachitsulopo chimodzichimodzi. Zidali zozizira, ndipo zidalimba kuposa nati wadzimbiri. Amayi a m'mudzi adakuwa kuti, "Malodza!" Ndidawapereka aNambewe m'manja mwa mzamba, ndidatseka chitseko, ndidapita kumphuno n'kupukusa pulopela.

Ndegeyo idathamanga monyinyirika. Matope ankauluka kumawilo, mchira udachedwa kudzuka, ndipo idadutsa mwala umene inkanyamukirapo masiku onse ikadali pansi. Chakumapeto idadzuka pang'ono, koma Mapazi sadadzutse mphuno. Adaisunga chapansipansi kuti isonkhe liwiro, akulunjika mitengo ngati akufuna kuigunda, ndipo atafika pafupi penipeni m'pamene adaikoka. Idadutsa. Nsonga za bulugamu zidawerama ndi mphepo yake. ANambewe sadaone zimenezi. Adali chafufumimba pa udzu, akuitana dzina laubwana la mwana wawo.

Miyezi yotsatira

Mapazi adabwerako mawa lake ndi uthenga wakuti dokotala wang'amba ndipo Nangozo ali moyo. Mwana, wamwamuna, adam'tulutsa atafa kale. Mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha apabanja, ndipo agogo ake ndiwo amatsogolera. Mkulu wanuyo adaikidwa ndi amayi achilendo amene ankadikirira odwala awo pachipatalapo. Adachita mwachifundo, Mulungu awadalitse, koma mpaka lero palibe mwa ife amene amadziwa pamene adagona.

Anthu pamudzi adati, "Si idadutsa bwinobwino? Ikadalephera ndi kamayi kaja?" Funsolo lidandidya, mpaka ndidakam'funsa Mapazi. Ndinkafuna andiuze kuti ikadagwa. Iye adangoti, "Sindikudziwa." Ndidam'kwiyira kwambiri munthu ameneyo, ngakhale naye adakadzudzulidwa ndi akuluakulu ake chifukwa cha ine. Ntchito ya mapu itatha sindidamuonenso.

Malume atabwera kuchokera ku Joni, ankhoswe adakhala pansi, ndipo ndidalipa mbuzi chifukwa chogwira apongozi. Mbuziyo ndidaipereka ndi mtima woyera. Za mawu aja palibe adandilipiritsa, koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. ANambewe adasiya kundisungira mbatata. Ndikawagulira nsalu, inkabwerera ndi uthenga wakuti olemera salandira mphatso. Zinkandiwawa, ndisakubisireni. Amayi anu adabwerako msewu utatseguka, atawonda, akuyenda mowerama. Sadandidzudzulepo. Adangonena kamodzi kokha, tikupalira, kuti, "Kumwamba kuja ndinkaitana amayi, koma injini inkandiposa mawu." Ndidapitiriza kupalira, poti ndikadaima ndikadalira. Inu nonse mudabadwa pambuyo pake, m'mimba yomweyo ya chipsera.

M'masiku a Chitaganya

Kabwalo ka ku Tsangano kadatsekedwa, anthu adalimapo mbatata, ine n'kumagwira ntchito kumabwalo ena n'kumabwera kumudzi pa tchuthi. Zaka zidapita, aNambewe ndi ine tikupatukiranabe m'njira, koma tsopano osati chifukwa cha ulemu wokha. Pa tchuthi china ndidawapeza akudwala chifuwa, osathanso kuimirira. Amuna pamudzi adali ochepa, ambiri ali kumigodi, ndipo onyamula machila kukafika kumsewu kumene lole ya aSaidi inkadikira sadakwane. Amayi anu adandiyang'ana. Ndidasenza kumbuyo, kumene kudali mutu wa odwalawo.

Tidawoloka dambo lomwe lija. Pokwera chitunda cha pamene padali bwalo, tidaima kuti tisinthe phewa. Apo ndidamva mawu kuchokera m'nsalu, otsika, osadzera mwa munthu wina.

"ANkhoma."

"Wawa, amayi."

"Kodi ndikulemerabe?"

Mnzanga wakutsogolo adayang'ana kumbali. Kunena zoona, paphewa panga ndinkamva mtengo wa machila wokha.

"Ayi, amayi. Simukulemera."

ANambewe adapuma movutika. Kenaka adatulutsa dzanja m'nsalumo, zala zomwe zija, n'kugwira mkono wa malaya anga.

"Ndiye lero musandisiye."

Ndidakwera nawo pa lole. Kuchipatala cha ku boma anthu ankaseka poona mkamwini akutunga madzi ndi kusonkha moto pakati pa amayi odikirira odwala, koma ine sindidawasamale. Tchuthi changa chitatha ndidatumiza mawu kuntchito kuti andidikire kapena alembe wina. ANambewe adamwalira amayi anu atagwira dzanja limodzi, ine linalo, ndipo ulendo uno palibe adatchula za mbuzi.